Kuchoka pa M7 kufika pa M0: zomwe ndinaona pokwera malaisensi a amateur radio ku Britain

Amene muli ku Britain ndipo mtima ukukukokerani ku amateur radio, dziwani kaye kuti malangizo ambiri amene mungawapeze pa intaneti, ngakhalenso ena amene mungamve kwa akuluakulu a ku kalabu, ndi a malamulo amene anatha ntchito. Malaisensi kuno akhala akusinthidwa kuyambira 2002, ndipo kusintha kwakukulu kwaposachedwa kunayamba mu February 2024, ine ndili pakati pokwera magawo. Ndinalawa zakale ndi zatsopano zomwe, ndiye ndati ndilembe kuti obwera m'mbuyo mwanga asataye nthawi ndi ndalama pa zinthu zimene zinachotsedwa kale.

Tiyambe ndi funso limene abale athu salephera kufunsa. Anzanga a kutchalitchi atamva kuti ndili ndi laisensi ya wailesi, mayi wina wa m'kwaya anandiimitsa pakhomo. "Achimwene, ndiye tizikumverani pa FM iti? Nyimbo zathu mudzaziikako?" Ayi ndithu. Iyi si wailesi youlutsa mawu ngati MBC kapena Zodiak. Ndi anthu wamba amene boma lawaloleza kugwiritsa ntchito mafunde ena polankhulana okhaokha ndi poyesa zipangizo zawo. Nyimbo siziloledwa, kuulutsa ulaliki kapena malonda sikuloledwa, kubisa uthenga kuti ena asamve sikuloledwanso. Amene ukulankhula naye kutsidya ayenera kukhala ndi laisensi ya dziko lake. Ngati cholinga chanu ndi kucheza ndi amayi kumudzi, WhatsApp ikukwanirani. Chimene chimatikoka ife n'china: waya wa mamita 10 womangirira pamtengo wa kuseri, mphamvu ya mawati 10 okha, koma mawu ako n'kukamveka ku Italy popanda kampani ya foni pakati.

Kuno magawo alipo atatu: Foundation, Intermediate ndi Full, ndipo call sign, dzina la zilembo ndi manambala limene munthu amadziwika nalo pa mafunde, imasonyeza gawo lake: yoyamba ndi M7 ndi ya Foundation, yoyamba ndi M0 ndi ya Full. Laisensi imaperekedwa ndi Ofcom, bungwe loyang'anira zamafunde kuno, koma mayeso amayendetsedwa ndi bungwe la Radio Society of Great Britain, limene aliyense amangoliti RSGB. Mayeso a Foundation ali ndi mafunso 26, ndipo muyenera kukhoza 19 mkati mwa ola limodzi. A Intermediate mafunso ndi 46, ofunika kukhoza 28. A Full ndi 58, ofunika 35, nthawi yake maola awiri. Onse ndi osankha yankho limodzi pa anayi. Mayeso mumalipira, koma laisensi yeniyeniyo ndi yaulere mukaifunsira pa intaneti, ndipo siitha. Chofunika n'kungotsimikizira Ofcom pa zaka zisanu zilizonse kuti mukadalipo ndipo adilesi yanu ndi yomweyo. Za unzika ine palibe anandifunsa. Anafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi changa pa tsiku la mayeso, ndi adilesi ya kuno polembetsa.

Kalabu yathu imakumana madzulo m'holo ina yaing'ono yozizira, ketulo ili pakona, bisiketi zili m'chitini. Tsiku langa loyamba ndinakhala pafupi ndi bambo wina wachikulire amene call sign yake imayamba ndi G, chizindikiro chakuti anayamba kalekale. Nditamuuza kuti ndikuwerengera Foundation, anaika kapu pansi n'kuyamba kundiwerengera mbiri. M'nthawi yawo, anatero, mayeso ankalembetsa a bungwe la City & Guilds, ndipo anali ovuta. Ukakhoza unkalandira Class B, imene inkakutsekera ku mafunde a pafupi okha, a VHF kupita m'mwamba. Kuti ufike pa HF, mafunde amene amadumpha nyanja, unkayenera kukhoza Morse, njira yotumizira uthenga ndi kulira kwa madontho ndi mizere, pa liwiro la mawu 12 pa mphindi, ndipo apo ndi pamene unkapatsidwa Class A. Anthu ena anakhala zaka zambiri pa Class B chifukwa khutu linkakana madontho ndi mizere ija, ngakhale anali akatswiri a zamagetsi kuntchito kwawo. "Lero," anatero, "mwana wa sukulu amawerenga sabata ziwiri, mawa ali pa HF."

Sankanama. Mu January 2002 boma linabweretsa Foundation, call sign zake zikuyamba ndi M3, ndipo munthu woyamba kumene ankaloledwa pa HF ndi mawati 10. Chaka chotsatira, msonkhano wa mayiko onse wa zamafunde umene unachitikira ku Geneva unagamula kuti dziko lililonse lisankhe lokha ngati Morse ikhalebe m'mayeso. Britain sinachedwe, inaichotsa mu July 2003, ndipo kusiyana kwa Class A ndi Class B kunathera pomwepo. Chifukwa chake chinali choonekeratu: amene anali pa mafunde ankakalamba, achinyamata sankabwera, ndipo mafunde amene sakugwiritsidwa ntchito makampani amawayang'ana ndi diso la njala.

Ine pa za Morse sindigwirizana ndi madala aja. Luso limeneli ndi lokoma, ndipo ambiri akuliphunzira lero mwa kufuna kwawo, koma kulisandutsa chipata kunkatsekera kunja anthu oyenera. Pali pena pomwe ndinadzaona kuti madandaulo awo ali ndi mutu, ndipo ndi pa nkhani ya manja. Kale, usanalembe Foundation kapena Intermediate, unkayenera kupita ku kalabu kukaonetsa kuti ukutha kulumikiza wailesi, kutchuna eriyo, kuyankhula pa mafunde, ndipo pa Intermediate kuwotcherera mawaya ndi soda (solder) n'kupanga kachipangizo kako. Covid itabwera mu 2020, RSGB inayamba kulembetsa mayeso pa intaneti munthu ali kunyumba kwake, zoyesa ndi manja zija n'kuziimitsa. Sizinabwererenso.

Kwa munthu wogwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba ngati ine, kusintha kumeneku ndi kumene kunatsegula khomo. Maphunziro a Loweruka lililonse ku kalabu sindikanawakwanitsa, rota siilola. Ndinawerenga buku la RSGB la gawo loyamba pa nthawi yopuma, ndinatsatira maphunziro aulere a pa intaneti a Essex Ham, kenako mu 2021 ndinasankha tsiku limene ndinali off. Ndinalembera kukhitchini. Woyang'anira mayeso, munthu wongodzipereka, anaonekera pa kompyuta n'kundipempha kuti ndizungulitse kamera chipinda chonse: pansi pa tebulo, pamwamba pa firiji, kuseri kwa chitseko. Anandiuza kuti ndichotse kalendala ya kutchalitchi imene inali pakhoma pafupi nane, chifukwa inali ndi zolemba za pamanja. Akazi anga ndinali nditawapempha kale kuti, "Mayi, kwa ola limodzi lokha, ana asalowe, ngakhale mpunga upserere." Patebulo panatsala kalikuleta, pepala lopanda kanthu ndi kabuku ka matebulo kamene RSGB imalola kuti ukhale nako. Nditadina batani lomaliza, zotsatira zinaonekera nthawi yomweyo. Patapita masiku angapo chikalata chinafika, ndinalowa pa tsamba la Ofcom n'kusankha call sign yoyamba ndi M7.

Kabuku kaja musakanyoze. Mayankho ambiri a mafunso a malamulo, monga mafunde amene mukuloledwa ndi mphamvu yake, ali momwemo. Safuna kuti muloweze, akufuna aone ngati mukudziwa potsegula. Sindikizani kanu msanga, muzikagwiritsa ntchito poyeserera mpaka zala zizolowere masamba.

Koma laisensi ili m'manja, ndinali ndisanagwirepo chowotcherera soda, ndipo pulagi ya pa chingwe cha eriyo sindinkadziwa kuimanga. Mayeso sanandifunse zimenezo. Anandiphunzitsa ndi madala omwe aja odandaula. Anabwera kunyumba Loweruka lina ndi kachikwama ka zida, anayang'ana kabwalo kathu ka kuseri kamene n'kochepa ngati ka nyumba zonse zogundizana za kuno, n'kunena kuti tidule mawaya awiri a mamita asanu asanu. Tinamangirira pakati pake pa zenera la m'mwamba, nsonga imodzi ku mpanda, ina ku kashedi. Iwo ankayang'ana mita ya SWR, imene imasonyeza ngati eriyo yatchunika bwino, ine ndinkatsitsa waya, kudula kachidutswa kochepa mbali zonse ziwiri, kukwezanso, mpaka singano inagona pansi tili pa mafunde a 14 MHz. Tsiku limenelo ndinamvetsa zimene ndinangoloweza m'buku zokhudza kutalika kwa mafunde. Choncho ngakhale lamulo silikukukakamizaninso kupita ku kalabu, pitani. Mpata umene mayeso atsopano anasiya umatsekedwa kumeneko.

Tsopano za mawati, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amaganiza molakwika za kukwera magawo. Ndikuyamba, malire anali mawati 10 pa Foundation, 50 pa Intermediate ndi 400 pa Full. Kuyambira February 2024 Ofcom inakweza: 25, 100, ndi 1000 pa mafunde amene ife ndife eni ake oyamba. Inalolanso a Foundation kupanga okha zipangizo zotumizira mawu, pomwe kale ankayenera kugula zopangidwa kale kapena zongolumikiza. Inalola kuti mnzako wopanda laisensi ayankhule pa wailesi yako iwe ukumuyang'anira. Chilembo chosonyeza dera, monga M ya Scotland kapena W ya Wales, chinasiya kukhala chokakamiza pa call sign zambiri. Kunena zoona, Foundation ya lero ndi yonona kuposa imene ine ndinalandira, ndipo ndikumvetsa amene amafika pamenepo n'kuyala mphasa.

Manambala amenewa amaoneka aakulu papepala kuposa m'khutu. Pa wailesi pali mita yosonyeza mphamvu ya mawu amene akubwera, yolembedwa S1 mpaka S9, ndipo kuti singano ya munthu amene akukumverani isunthe malo amodzi okha, muyenera kuchulukitsa mphamvu yanu kanayi. Ndiye kuchoka pa mawati 25 kufika pa 100, mphoto yonse ya mayeso a Intermediate, ndi malo amodzi basi. Kuchoka pa 10 kufika pa 25 sikukwana n'komwe malo amodzi. Eriyo yokwezedwa bwino imatha kukupatsani zoposa pamenepo musanalembe mayeso alionse.

Ndiponso vuto la m'matauni a kuno si kumveka, koma kumva. Madzulo anthu akabwera kuntchito n'kuyatsa magetsi a LED, matchaja otchipa ndi intaneti yodutsa m'mawaya a foni, phokoso pa wailesi yanga linkakwera mpaka kuphimba aliyense wa kutali. Kuwonjezera mawati pamenepo kuli ngati kukuwa uli m'chigayo: akunja akukumva, koma yankho lawo iwe sulimva. Chimene chinandithandiza ndi zimene ndinaphunzira powerengera Intermediate: kuzimitsa magetsi a nyumba yonse, wailesi ili pa batire, kenako kuyatsa mbali imodzi imodzi kuti ndipeze gwero. Theka la phokosolo linkachokera m'nyumba mwathu momwe, pa tchaja ina ya m'chipinda cha ana. Mphete za ferrite pa zingwe zinachepetsanso lina. Apa ndi pamene ndinayamba kuona kuti phindu la kukwera gawo lili m'zimene umaphunzira, mawati ndi basera chabe.

Ndi mawati ochepa omwewo dziko limafikika. Njira ya FT8, imene inatuluka mu 2017 kuchokera kwa Joe Taylor, wasayansi amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993, ndi mnzake Steve Franke, imalola kompyuta kutola uthenga umene khutu la munthu silingamve n'komwe. Mu 2024 dzuwa linali pachimake pa nyengo yake ya zaka pafupifupi 11, ndipo mafunde a 21 ndi 28 MHz ankatseguka masana kulowera kummwera. Call sign zoyamba ndi ZS za ku South Africa zinkaoneka pa kompyuta yanga kawirikawiri. Za 9J za ku Zambia mwa apo ndi apo. Za 7Q, za kwathu, mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000, n'zosowa, ndipo imodzi ikangotulukira, anthu a ku Europe konse amaiunjikira nthawi imodzi.

Kusowa kumeneko ndi kumene kunandikankhira ku Full, ndipo ndi chifukwa chimene ndikufuna abale anga amve bwino. Foundation ndi Intermediate ndi malaisensi a m'dziko muno mokha. Mukadutsa malire, sizikuthandizani. Full yokha ndi imene imalowa m'mgwirizano wa mayiko wa CEPT, umene umakulolani kutenga wailesi yanu popita kukacheza kwa nthawi yochepa m'mayiko ambiri a ku Europe ndi ena akunja, kuphatikizapo South Africa, osafunsira laisensi ina. Mukakhoza mayeso a Full mumapezanso satifiketi yotchedwa HAREC, imene mayiko a mumgwirizanowo amaivomereza mukasamukira kwawo, osakulembetsani mayeso atsopano. Ife ndife anthu oyendayenda. Lero uli Leeds, mawa ntchito yakutengera ku Dublin, Khirisimasi uli kwa achemwali ku Johannesburg. Kwathu ku Malawi chilolezo chimachokera ku MACRA, ku Zambia ndi ZICTA, ndipo laisensi ya Britain payokha siikulolani kuyatsa wailesi kumeneko. Muyenera kufunsira, ndipo muyambe kulemberana nawo nthawi ikadalipo, osati mutafika kale pa Chileka ndi wailesi m'chikwama. Pofunsirapo, pepala limene mungaike patebulo molimba mtima ndi la gawo lapamwamba lodziwika ndi mayiko ena.

Pali njira inanso yofikira kwathu imene sidalira dzuwa. Setilaiti ya Es'hail-2 ya ku Qatar, imene inakwezedwa mu November 2018, inanyamula chipangizo cha amateur radio chotchedwa QO-100. Imakhala malo amodzi kumwamba kwa Africa, ndipo imaona Britain ndi Malawi nthawi imodzi, usana ndi usiku. Umatumiza pa 2.4 GHz, kulandira pa 10 GHz, pogwiritsa ntchito dishi yonga ya TV. Malamulo a 2024 analola a Foundation kulowa pa 2.4 GHz ndi mphamvu yochepa, chinthu chimene kale chinali choletsedwa kwa iwo. Koma kulumikiza zipangizo zake kumafuna kumvetsa zinthu zimene zimaphunzitsidwa m'magawo apamwamba.

Intermediate ndinalemba mu 2022. Sindichulutsa mawu pa iyo: ngati munakhoza Physical Science pa MSCE ndipo lamulo la Ohm mukulikumbukira, muidutsa mukawerenga mwakhama. Full ndi nkhani ina. Kusiyana kwa Intermediate ndi Full n'kwakukulu kuposa kwa Foundation ndi Intermediate. Muli ma decibel, muli masamu a ma coil ndi ma capacitor, muli kutsatira mawu mkati mwa wailesi kuchokera pa eriyo mpaka pa sipika, muli gawo lalikulu la mmene mungapewere kusokoneza zipangizo za aneba. Mafomula amakupatsani m'kabuku, koma funso limabwera mokhota, ndipo woloweza amagwa. RSGB siifalitsa mafunso ake enieni, imangopereka oyeserera. Ine ndinalowa maphunziro a patali a gulu la ku Bath, amene amatumiza ntchito sabata iliyonse kwa miyezi ingapo, ndipo chikakamizo chimenecho ndi chimene ndinkafuna. Ndinakhoza mu 2024, malamulo atasintha kale. Mayeso nawonso anakonzedwa kuti agwirizane ndi malamulo atsopanowo, choncho buku logula kwa munthu wina liyang'aneni chaka. Lakale likuphunzitsani mawati 10, 50 ndi 400, mukalakwe funso laulere.

Chenjezo lofanana nalo ndi la mavidiyo a pa YouTube. Ambiri ndi a ku America, kumene magawo ndi Technician, General ndi Amateur Extra. Nawonso anasintha zawo: mu April 2000 bungwe la FCC, loyang'anira zamafunde kumeneko, linachepetsa magawo kuchoka pa asanu ndi limodzi kufika pa atatu, ndipo Morse anaichotseratu mu February 2007. Kumeneko mafunso onse amafalitsidwa poyera, ndiye njira yawo yowerengera ndi yobwereza mafunso mpaka kuwadziwa. Sayansi yake ndi imodzi, mungaphunzireko za eriyo, koma malamulo, malire a mafunde, ngakhale mitundu ya mawaya a magetsi a m'nyumba n'zosiyana.

Kuyambira January 2023 palinso njira yachidule yotchedwa Direct to Full: mayeso amodzi a mafunso 75, maola awiri ndi theka, ukakhoza wafika pamwamba osadutsa m'magawo awiri aja. Anthu amandifunsa ngati ndi yabwino. Ngati munaphunzira zamagetsi ku Poly kapena ku technical college, kapena mukugwira ntchito ya zamafoni ndi zamagetsi, itengeni, musataye ndalama za mayeso atatu. Koma dziwani kuti mukalephera simupatsidwa kalikonse, ngakhale Foundation. Kwa ena tonse ndimati yambani ndi Foundation kuti mukhale pa mafunde msanga, chifukwa zimene zili m'buku la Full zimalowa bwino m'mutu mwa munthu amene anadulapo waya n'kulimbanapo ndi phokoso. Mukamaliza gawo limodzi musazizire. Gulani buku lotsatira masamu akadali otentha.

Mawati 1000 aja sindinawagwiritsepo ntchito, ndipo m'nyumba ya lendi yogundizana ndi aneba sindikuona tsiku lake. Chipangizo chokwezera mphamvu n'chodula, ndipo kuyambira 2021 Ofcom imafuna kuti aliyense wotulutsa mphamvu yoposa mawati 10 pa eriyo awerengetse ndi kusunga umboni wakuti anthu oyandikira sakulandira mafunde opyola muyezo. Pali chowerengetsera chaulere pa tsamba la Ofcom ndi la RSGB. Lamuloli likukhudzanso a Foundation. Mukakweza mphamvu, mtunda umene anthu ayenera kutalikirana ndi eriyo umakula, ndipo pa kabwalo ngati kathu umakafika mwa aneba. Wailesi yanga ya mawati 100 ndimaitsitsa nthawi zambiri.

Chomaliza ndi cha call sign. Kale munthu ankatha kusunga malaisensi onse atatu, M7, 2E0 ya Intermediate ndi M0, n'kumasankha yogwiritsa ntchito. Ofcom inagamula kuti munthu azikhala ndi laisensi yake imodzi, ndipo inakonzanso zoti a Intermediate azipatsidwa M8 kapena M9. Ngati mukudziwa kuti mukwera, musasindikize makadi ambirimbiri a QSL, otumizirana potsimikizira kuti munalankhulana, ndi call sign yoyamba. Sungani log yanu, mndandanda wa amene mwalankhula nawo, pa kompyuta kuyambira tsiku loyamba, call sign iliyonse payokha, ndipo pa Logbook of The World, tsamba la bungwe la ARRL la ku America lotsimikizira amene mwalankhula nawo, mufunsire satifiketi yatsopano mukangosintha, kuti mayiko amene munalankhula nawo muli pa M7 awerengedwe limodzi ndi atsopano.